Mbiri ya Korali ndi Kagawidwe ka Nyama

Mvula yoyamba ikagwa m'boma la Ntcheu, ana a ku Tsangano ndi a m'chigwa cha Bwanje amathamangira ku chulu kukagwira ngumbi, ndipo palibe mwa iwo amene amasowa dzina la chimene wagwira. Makolo awo anagawa zolengedwa kalekale. Anati izi ndi nyama, izi ndi mbalame, izi ndi nsomba, izi ndi njoka, ndipo zoluma, zoononga ndi zopanda ntchito anazitcha zirombo. Chifukwa chake fisi ndi chirombo, ndipo nankafumbwe wa m'nkhokwe ndi kachirombonso. Brian Morris, Mngelezi amene anafufuza nkhaniyi m'Malawi, anaonetsa m'buku lake la 1998, The Power of Animals, kuti kagawidwe aka katsamira pa ubwino kapena kuipa kwa chinthu kwa munthu.

Koma mwana yemweyo akalowa m'kalasi amamva kuti nyama zonse zili m'magulu awiri: zokhala ndi fupa la msana ndi zopanda fupalo. Pamenepo fisi, mbewa ndi njoka zikhala pamodzi, ndipo ngumbi, nkhono ndi nkhanu zitchedwanso nyama. Mwana akadodoma sanalakwe, pakuti anzeru a ku Ulaya nawonso anadodoma zaka mazanamazana, ndipo chimene chinawazunguza koposa ndicho korali.

Korali sapezeka m'Nyanja ya Malawi, chifukwa amakhala m'madzi a mchere. Ambiri a kuno analimva liwuli m'Buku la Yobu, pamene mtengo wake uyerekezedwa ndi wa nzeru. Kufupi ndi kuno amapezeka m'mbali mwa nyanja ku Mozambique, monga pa zisumbu za Quirimbas ndi Bazaruto, ndipo nyumba zakale za pa Chisumbu cha Mozambique anazimanga ndi miyala yake. Maonekedwe ake ali ngati chitsamba chanthambi, koma kulimba kwake ndi kwa mwala.

Aristotle, Mgiriki amene anamwalira m'chaka cha 322 Khristu asanabadwe, anagawa nyama m'magulu awiri, za magazi ofiira ndi zopanda magazi otere, koma anavomereza kuti m'nyanja muli zina zovuta kuzitcha nyama kapena zomera. Agiriki ndi Aroma ankakhulupirira kuti korali ndi chomera chofewa chimene chimauma ndi kusanduka mwala chikangovuulidwa. M'chaka cha 1706 Luigi Marsigli wa ku Italy anaika nthambi ya korali wofiira m'madzi a m'nyanja kufupi ndi Marseille, naona tinthu toyera tikutuluka pa nthambiyo. Iye anati ndi maluwa, ndipo ophunzira anakondwa kuti mlandu watha.

Patapita zaka zosakwana 20, sing'anga wina wa ku Marseille komweko, Jean-André Peyssonnel, anayang'anitsitsa maluwa aja, naona kuti agwedeza timanja tawo, ndipo akakhudzidwa abwerera m'timaenje tawo. Iye ananena kuti izi ndi nyama zazing'ono, ndi kuti mwala uja ndiwo nyumba imene zimadzimangira. Pamene Réaumur anatengera mawuwa ku bungwe la anzeru ku Paris, sanawakhulupirire, ndipo anabisa dzina la mwini wake kuti anthu angamuseke. Koma m'chaka cha 1744 Abraham Trembley anafalitsa zimene anapeza pa kachirombo ka m'madzi kotchedwa hydra, kamene kaoneka ngati chomera koma kamagwira chakudya ndi timanja take. Tsono otsutsa aja anagonja, ndipo chitapita chaka cha 1750 bungwe la Royal Society ku London linasindikiza ntchito ya Peyssonnel.

Lero zidziwika kuti korali ndi mudzi wa tinyama tofewa tambirimbiri. Kanyama kalikonse kali ngati kathumba kokhala ndi kamwa pamwamba, lozingidwa ndi timanja toluma togwirira chakudya. Tambiri timatulutsa njereza imene imauma ndi kukhala mwala. Ndipo tikafa, tina timamanga pamwamba pake, kufikira patakhala thanthwe lalikulu. Mwalawo ulimbadi, koma si fupa la msana.

Anatsala mavuto a malo ake pakati pa nyama zinzake. Carl Linnaeus wa ku Sweden, m'buku lake la 1758, anagawa nyama m'magulu 6, ndipo korali, nkhono ndi nyongolotsi anaziunjika m'gulu limodzi lotsiriza. Amene anasanthula mulu umenewu ndiye Jean-Baptiste Lamarck, amene m'chaka cha 1793 anapatsidwa ntchito yophunzitsa za tizirombo ndi nyongolotsi ku Paris. Iyeyu ndiye anakhazikitsa malire a fupa la msana, ndipo m'chaka cha 1801 anatulutsa buku la nyama zopanda fupalo. Zimene anthu ankazinyoza zinapezeka kuti ndizo zochuluka, pakuti mwa mitundu 100 ya nyama zodziwika, yoposa 90 ilibe fupa la msana.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu sangathe kuonetsa ana korali wamoyo, koma njira ya Peyssonnel ali nayo pakhomo. Atengere ana fulu ndi nkhono, pakuti zonse ziwiri zili ndi chigoba, koma m'chigoba cha fulu wakufa adzaona fupa la msana litamamatira kudenga kwake, pamene cha nkhono chili mbee. Ayerekezenso mafupa a njoka ndi thupi la bongololo, minga ya usipa ndi chigoba cha nkhanu ya mu Rivirivi. Asanene kuti makolo analakwa potcha fisi chirombo, pakuti iwo ankayankha funso lakuti chinthuchi chitani kwa munthu, pamene sukulu ifunsa kuti thupi lake linamangidwa bwanji. Mwana amene wadzionera yekha msana wa fulu adzasunga mayankho onse awiri popanda kuwasokoneza.