Kodi Miyala ya Mizeremizere ya ku Dedza Inachokera Kuti?

FUNSO: Ndikamatsika msewu wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti ndimaona miyala ya mizere yakuda ndi yoyera, yopindikapindika. Mwana wanga wa Folomu 3 akuti ina mwa iyo inali matope a pansi pa nyanja. Zingatheke bwanji pomwe kuno n'kumapiri? Bambo wa ku Bembeke.

YANKHO: Mwanayo sananame, bambo, koma nyanja yake si nyanja ya Malawi. Chigwa cha nyanja yathuyi chinang'ambika miyalayo ili kale ndi zaka mamiliyoni mazanamazana. Akatswiri amaitcha miyalayo gneiss, ndipo ndiyo maziko a mbali yaikulu ya chigawo chapakati ndi chakummwera. Ina inayamba ngati mwala wosungunuka, koma ina inali mchenga, matope ndi laimu zomwe zinadikha pansi pa nyanja yamchere yomwe lero kulibe.

Pamwamba pa dziko lapansi ndi pogawikana m'zigawo zikuluzikulu zomwe zimasuntha masentimita ochepa pachaka. Chigawo cha pansi pa nyanja chikamalowa kunsi kwa chinzake, matope a pamwamba pake salowa nawo onse. Ambiri amapalidwa n'kuunjikana m'mphepete mwa mtunda, monga momwe dothi limaunjikirana kukamwa kwa khasu pounga mizere, ndipo mulu wake umapindika n'kusanjikizana. Zimenezi zikuchitika ngakhale lero m'mbali mwa Japan komanso ku gombe la Makran ku Iran ndi Pakistan. Maziko a dera lathu amawerengedwa mu lamba wa miyala wotchedwa Southern Irumide, yemwe anapangika zaka pafupifupi 1 biliyoni zapitazo, pomwe zigawo zing'onozing'ono za mtunda ndi mapiri ophulika moto zinkakankhidwira ku mtunda wakale. Zaka pafupifupi 550 miliyoni zapitazo miyalayi inafinyidwanso n'kupsa kachiwiri pomwe mitunda inkagundana kupanga mtunda waukulu wotchedwa Gondwana.

Umboni uli pafupi. Ku mapiri a Chenkumbi ku Balaka kuli marble, yemwe ndi mwala wa laimu wophikidwa ndi kutentha, ndipo laimu wochuluka chotero amadikha m'madzi. Ku Malingunde ku Lilongwe kuli graphite, yemwe m'miyala yotereyi amachokera ku zotsalira za tizamoyo tomwe tinakwiririka m'matope. Mboni yachitatu ndi zircon, kamwala kochepa kuposa kambewu ka mchenga koma kolimba kwambiri. Mkati mwake muli uranium yemwe amasanduka mtovu pa liwiro lodziwika, choncho akatswiri akayeza ziwirizi amadziwa zaka za kamwalako. Akapeza mu mwala umodzi timbewu topereseka m'mbali, ta zaka zosiyanasiyana, amadziwa kuti tinakokoloka kuchokera ku mitunda ingapo, ndipo poyerekeza zakazo ndi za miyala ya madera ena amalondola komwe mchengawo unachokera.

Wina angafunse kuti nanga zigoba za nkhono ndi mafupa a nsomba zili kuti. Zaka 1 biliyoni zapitazo kunalibe nkhono kapena nsomba, ndipo zizindikiro za tizamoyo tomwe tinalipo zinafufutika ndi kutentha kwa pansi, makilomita ambirimbiri kuya kwake. Kukwera kwa malo nakonso sikutsutsa kanthu: pansonga pa phiri la Everest pali mwala wa laimu wokhala ndi zotsalira za zamoyo za m'nyanja. Miyala yathu inaonekera chifukwa mapiri omwe anali pamwamba pake anaperesedwa ndi mvula, kenaka mphepete mwa chigwa cha nyanja ya Malawi munatukuka.

Chenjezo n'lakuti si mwala uliwonse wa ku Dedza unali matope. Phiri la Dedza lenilenilo, lotalika mamita 2,198, ndi la mwala wa mtundu wa syenite, womwe unasungunuka n'kuzizira pansi pa nthaka, ndipo dongo la ku Linthipe linachokera ku mwala winanso wosungunuka, anorthosite, utafumbutuka. Mizere payokha imangosonyeza kuti mwalawo unafinyidwa uli wotentha. Chomwe chimagamula ngati unali matope ndi zomwe zili mkati mwake, ndipo ntchito yofufuza zimenezi ili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za miyala, Geological Survey, ku Zomba.