Kukweza pulogalamu yoyendetsa kompyuta

Kukweza pulogalamu yoyendetsa kompyuta ndi kuika mtundu watsopano wa pulogalamu yaikulu imene imalamulira zonse m'kompyuta m'malo mwa wakale, monga kuchoka pa Windows 10 kupita pa Windows 11.

Liwiro la kompyuta pambuyo pake limadalira zida zam'kati mwake. Windows 11, imene Microsoft inatulutsa pa 5 Okutobala 2021, imafuna RAM yosachepera 4 GB, pomwe Windows 10 ya 64-bit inkafuna 2 GB. Kompyuta ya RAM yochepa ndi hard disk yozungulira imatha kuchedwa. Ya SSD nthawi zambiri sisintha kwenikweni. M'maola oyambirira pambuyo pokweza pulogalamuyo, kompyuta imalemedwa chifukwa imakhala ikusanja mafayilo ndi kutsitsa madalaivala, omwe ndi mapulogalamu oyendetsa zida zake. Madalaivala akale osagwirizana ndi mtundu watsopanowo amachedwetsanso ntchito.

Onaninso: RAM, SSD, purosesa, dalaivala.