Kodi inflation imawerengera chimanga? Nayi njira yomwe amapezera nambalayi

Mwezi uliwonse pa Facebook ndi pa wailesi timamva kuti inflation yakwera kapena yatsika. Ndemanga zake zimakhala zomwezija: "Amenewa anafikako pa msika wa Nchalo? Chakudya sawerengera eti?" Yankho lachidule ndi lakuti amawerengera, ndipo kuno ku Malawi chakudya ndicho chili ndi gawo lalikulu.

Nambalayi imachokera ku National Statistical Office (NSO), ofesi ya boma yomwe likulu lake lili ku Zomba. Iwo ali ndi mndandanda wa zinthu zomwe mabanja amagula: chimanga, nyemba, nsomba, mafuta ophikira, sopo, makala, lendi, thiransipoti, fizi ndi zina. Mwezi ndi mwezi amatenga mitengo ya zinthuzi m'misika ndi m'masitolo, n'kupanga Consumer Price Index, mwachidule CPI. Inflation yomwe timamva ija ndi kusiyana kwa CPI ya mwezi uno ndi ya mwezi womwewu chaka chatha.

Zinthuzi sizilemera mofanana. Kulemera kwake kumachokera pa kafukufuku wa Integrated Household Survey, yemwe amafunsa mabanja momwe amagwiritsira ntchito ndalama. Pa mndandanda wapano, chakudya chimatenga kupitirira theka. Ndiye chimanga chikangokwera, nambala yonse imagwedezeka. NSO imatulutsanso food inflation payokha ndi non-food inflation payokha. Kumayambiriro kwa 2024, Freddy atawononga minda mu Malichi 2023 komanso kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala, food inflation inadutsa 40 peresenti.

Nanga zoti chakudya sawerengera zinachokera kuti? Pali muyeso wina wotchedwa core inflation, womwe umatchuka kwambiri ku America, ndipo umachotsadi chakudya ndi mafuta chifukwa mitengo yake imasinthasintha msanga. Koma si nambala yomwe mumamva NSO ikulengeza.

Komabe wodandaula uja sakunama. Nambalayi ndi ya dziko lonse. Imagawidwa ya m'mizinda ndi ya kumidzi, osati ya Chikwawa kapena Nsanje pawokha. Kuno kuchigwa, chaka china ndi madzi osefukira, china ndi ng'amba, moti mabanja ambiri amayamba kugula chimanga anzathu akumtunda akadali ndi chawo m'nkhokwe. Chambiri chimachita kubwera pa galimoto, kutsika Thabwa, ndipo pofika ku Ngabu kapena Bangula mtengo wa mafuta walowamo kale. Banja lomwe pafupifupi ndalama yonse ya ganyu imathera pa ufa ndi ndiwo limamva kuwawa kuposa momwe nambalayo ikunenera.

China chomwe chimasokoneza ambiri ndi ichi: inflation ikatsika sindiye kuti zinthu zatchipa ayi. Tiyerekeze kuti thumba la chimanga linali K40,000, chaka chotsatira n'kufika K60,000. Kumeneko ndi kukwera ndi 50 peresenti. Chaka chinacho likafika K66,000, kukwerako ndi 10 peresenti basi. Pa wailesi anena kuti inflation yatsika, ndipo akhala akunena zoona, koma inu mutulutsabe K6,000 yoonjezera.

Choncho mukamakambirana za malipiro ndi abwana, kapena za chiwongoladzanja ku banki m'khonde, funsani kaye food inflation ya mwezi umenewo, kenako muyerekeze ndi mtengo wa ndowa ya chimanga pa msika wakwanu.