Mbiri ya Mphika Umodzi m'Dziko la Mpezeni

Mwa malamulo onse osalembedwa amene makolo athu a kuno ku Chipata adatisiyira, palibe limene lidazika mizu m'mitima ya anthu koposa ili lakuti munthu amene sadadye nsima wagona ndi njala, ngakhale mimba yake itadzala mpunga, maungu kapena mbatata kufikira kulephera kuwerama. Ndipo popeza nsima siyenda yokha, chakudya cholemekezeka chimafuna miphika iwiri, wina wa ndiwo ndi wina wa nsima, pamodzi ndi nkhuni ndi nthawi yokwanira kuti uwu utsike pamafuwa, uwo ukwerepo. Komatu m'mbali mwa mwambo waukuluwo mwakhala mukuyenda mwambo wina, waung'ono ndi wosatamandidwa, wophika zonse mumphika umodzi. Ndipo popeza ambiri lero auyesa ulesi wa ana a m'tauni amene aonera pa foni kakazingidwe ka mbatata ndi nyama yogaya m'poto mmodzi, ndiyesa n'koyenera kuulondola kumene udachokera, pakuti ndi wakale koposa tauni imene tikhalamoyi.

Zambiri zimene timaziyesa zathu zenizeni mumphikamo zidafika ngati alendo. Achewa, Ansenga ndi Akunda akale ankakhalira mapira, mawere, khobwe ndi nzama. Koma chimanga, mtedza, chinangwa ndi mbatata ya kholowa, imene ambiri kuno amati kandolo, zonsezi kwawo ndi ku America, ndipo zidaoloka nyanja m'zombo za Apwitikizi, amene adakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1500. Njira za malonda a minyanga zochokera ku Tete zinkapyola m'dziko la Amaravi kulunjika kumpoto, ndipo ndi momwemo mudadzera aulendo a Chipwitikizi, Lacerda mu 1798, ndiponso Monteiro ndi Gamitto mu 1831, popita kwa Mwata Kazembe. Mbewu zidayenda m'njira zomwezo, m'mafukusi a amtengatenga ndi m'manja mwa akazi okwatiwa kutali, mudzi kupatsira mudzi unzake. Akulu sadaname ponena kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Pamene mbatata ya kholowa idakomana ndi mtedza padabadwa futali, ndiye kholo la zakudya zonse za mphika umodzi m'dera lino. Nyengo yake ndi ya masika ndi ya chisanu, mbatata itakhwima m'mizere ndi mtedza utauma m'chikwa. Mayi wobwera kumunda dzuwa litapendeka, msana ukuwawa, mwana ali kumbuyo, amasenda mbatata ndi kampeni, naidula zidutswa zonenepa, naziponya mumphika ndi madzi osafika pamwamba pake ndi kamchere pang'ono. Ndipo pamene mphika ubwata iye sakhala pansi, koma asinja mtedza mumtondo, naupeta m'lichero kufikira nsinjiro isalale. Mbatata ikayamba kufewa, nsinjiro aithira pamwamba, osafulumira kutakasa, pakuti ikatsikira pansi msanga imapserera. Aphula nkhuni zoyaka, natsala makala okha, ndipo msuzi ukalimba nkumatira chidutswa chilichonse, ana aitanidwa. Chakudya chimenechi sichinkapita kumphala kukalandirira mlendo wolemekezeka, ndipo mkamwini wopatsidwa futali yekha madzulo akadadziwa kuti pakhomopo pali mawu. Chinali cha amayi, cha ana ndi cha abusa a mbuzi. Koma ine ndinena mosakayika kuti ndicho chidalera mibadwo yambiri ya kuno, pakuti mbatata ipatsa mphamvu, mtedza upatsa mafuta ndi zomanga thupi, ndipo zonsezo zipsa pa nkhuni zimene sizikadakwana kuvundula nsima ya banja lonse.

Angoni, amene adaoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, nadzakhazikika m'mapiri ano pansi pa mwana wake Mpezeni patapita zaka makumi angapo, adadza ndi ng'ombe, ndi mkaka wowawasa, ndi nyama yootcha pamakala, ndiponso uwende, ndiwo magazi a ng'ombe ophikidwa mumphika kufikira ataundana. Chuma chimenecho chidatha m'masabata ochepa. Mu Januwale 1898 asilikali a Angerezi ochokera ku Nyasaland adathyola magulu ankhondo a Mpezeni. Mwana wake Nsingu adawomberedwa, ng'ombe zikwi zambiri zidalandidwa, ndipo mwambo wa Nc'wala udazima kufikira pamene udadzutsidwanso mu 1980. Pamalo pamene padali midzi ya Angoni padamangidwa Fort Jameson, ndiyo Chipata wa lero, imene idakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, ndipo dziko lalikulu lozungulira lidagwa m'manja mwa kampani ya North Charterland, imene idaligawa kwa Azungu olima fodya.

Apa ndi pamene mphika umodzi udalowa m'manja mwa amuna. Msonkho udafuna ndalama, ndipo ndalama sizinali m'mudzi. Chotero anyamata ndi abambo omwe adanyamuka, ena kumaesiteti a fodya, ambiri wapansi ulendo wa masabata kupita kumigodi ndi kumafamu a ku Southern Rhodesia, ena mpaka ku Joni. Mwamuna amene chibadwire sadagwirepo mthiko, amene nsima inkampeza pamphala itaumbidwa kale, adadziona ali m'thengo la tsidya la Zambezi ndi kachitini kamodzi kodetsedwa ndi utsi, momwemo motungira madzi, momwemo mophikira; ndipo atafika kukomboni, kumene phoso linali ufa, nyemba, mtedza ndi kanyama ka apo ndi apo, adaphunzira kuti wotuluka mumgodi usiku alibe mphamvu yodikira miphika iwiri. Malembo atiuza za Esau, amene adabwera kuthengo atalefuka napeza mphodza za Yakobo zili pamoto, ndi mtengo umene adalipira pa mbale imodziyo. Amuna a kwathu, pozindikira kuti phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, adasankha kudziphikira okha. Amene adabwerako, kupatula machona amene adatsalira komweko, adadza ndi mapoto achitsulo ndi masefuliya, ndipo miphika yadothi idayamba kubwerera kuseri kwa nyumba.

Mbatata ya kachewere, imene ena amati mbatatesi, idafika mochedwa ndiponso podzera khomo lina. Kwawo ndi kumapiri a Andes, ku Peru ndi ku Bolivia. Aspanya adaitengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, ndipo anthu a ku Ireland adaidalira kotero kuti pamene chiwawu chidaigwira mu 1845 kudagwa njala imene idapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Kuno idabwera ndi amishoni ndi atsamunda, amene sankatha kudya nyama popanda iyo. Mishoni ya Dutch Reformed idatsegulidwa ku Magwero mu 1899 ndi ku Madzimoyo mu 1903, ndipo m'chaka chomwecho cha 1903 ansembe a White Fathers adakhazikika ku Kachebere, pamalire penipeni. Ndipo mishoni za masiku amenewo, pokhala kutali ndi sitolo iliyonse, zinkakhalira madimba awo a kabichi, anyezi, karoti ndi mbatata. Oyamba mwa anthu athu kuidziwa bwino anali anyamata a m'dimba ndi makhukhi a m'nyumba za Azungu, amuna amene mbiri sidasunge maina awo, ngakhale kuti adasintha kadyedwe kathu koposa abwanamkubwa onse. Iwo ndiwo adaphunzira kubwatitsa nyama ndi mbatata mumphika umodzi pa chitofu cha nkhuni, ndi kupukusa kamakina kogayira nyama komangirira kuthebulo, kamene kankafewetsa ng'ombe yokalamba ya m'mudzi kuti mano a dona aithe. Ndipo zimene adaphunzira masana kukhitchini ya bwana, madzulo ankaziyesa pamafuwa a kwawo.

Nkhukundembo nayo idadzera khomo lomwelo, koma siidapite patali. Mbalameyi idawetedwa koyamba ku Mexico, ndipo Azungu ankaifuna pa Khirisimasi. Alipo m'midzi yozungulira Chipata amene amaiweta mpaka lero, koma anapiye ake ndi osalimba, mvula ikawanyowetsa amafa, ndipo yaikulu imadya kwambiri. Chotero idakhala mbalame ya phwando ndi yogulitsa. Ku America nyama yake yogaya ndi yotsika mtengo, ya tsiku lililonse, chifukwa amaziweta mamiliyoni m'makola aakulu. Kuno munthu amene wailera chaka chathunthu sangaiike m'makina ogayira pa Lachiwiri wamba.

Pali anthu enanso amene sitiyenera kuwaiwala, ndiwo amalonda a Chimwenye ochokera ku Gujarat, amene adayamba kufika ku Fort Jameson m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, namanga masitolo kudera limene timati Down Shops. M'nyumba zawo mudagwiranso ntchito ophika a kwathu, ndipo ndi mmenemo mudatuluka luso loyamba ndi kukazinga anyezi m'mafuta kufikira afiire, kuthira kale ndi adyo, ndi kukulunga nyama yogaya ndi mbatata m'samusa. Mayi aliyense wa m'tauni muno amene lero ayamba ndiwo zake ndi anyezi m'mafuta otentha akuyenda m'njira imene ophika amenewo adalambula.

Mbatata ya kachewere imakonda kuzizira, ndipo Chipata, ngakhale ali pakati pa mapiri, ndi wofunda. Chotero kuno imachita bwino m'madimba m'miyezi ya chisanu, koma kumene idapeza kwawo kwachiwiri ndi kumapiri a Dedza ndi Ntcheu ku Malawi, ndi tsidya lake ku Angonia ndi Tsangano ku Mozambique, m'dziko la Angoni a Maseko, kumene alimi wamba adailanda m'manja mwa amishoni naiyesa mbewu yawoyawo. Amene adaimapo pamsika wa Lizulu adaona milu yake m'mbali mwa msewu. Malire a Mwami, olowera ku Malawi, ali pafupi ndi ife koposa tauni ina iliyonse yaikulu ya m'Zambia, pamene Lusaka ali pa mtunda wopitirira makilomita 500. N'chifukwa chake kadyedwe ka Chipata kakhala kakuyang'ana kum'mawa, ndipo chiwaya cha tchipisi, chitsulo chotambalala chokhala ndi dzenje la mafuta pakati, chimene mnyamata amasonkhezera nkhuni pansi pake nakankhira tchipisi takupsa m'mphepete kuti tikhetse mafuta, n'chodziwika kuno monga chidziwikira ku Mchinji.

Ufulu utabwera mu 1964, dzina la Jameson lidachotsedwa, msewu wa Great East udathiridwa phula, ndipo tauni idakula kufikira idalandira ulemu wa mzinda mu 2017. Chimene chidasintha khitchini koposa zonsezi ndi chakuti amayi nawo adayamba kulowa ntchito ya malipiro: aphunzitsi, anamwino, alembi a m'maofesi a boma, ndi unyinji wa ogulitsa pamsika wa Kapata ndi pa Saturday Market, amene amatseka malonda mdima utagwa. Mkazi wotere wafika pamene padafika agogo ake aamuna kukomboni ya ku Salisbury, ndi pamene padali agogo ake aakazi pobwera kumunda: ana ali ndi njala, thupi latopa, moto ndi umodzi. M'chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa madzi a ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse, ndipo ngakhale nyumba zokhala ndi chitofu cha mbale zinayi zidabwerera ku mbaula. Pamenepo aliyense adaona ndi maso ake kuti kathumba ka makala kamene kapsereza poto mmodzi sikafika pa wachiwiri.

Lowani madzulo m'nyumba ina ya ku Kapata kapena ku Mchini, mudzaona mbiri yonseyi ili pa mbaula. Mayi athira saladi wa pa kantemba m'poto, naponyamo anyezi. Akafiira, aikamo nyama yogaya ya kubutchala, kotala la kilo lokha, naiphwanya ndi supuni kuti isaundane, ndipo ngati mwezi uli pakati, m'malo mwa nyama mulowa soya woviikidwa m'madzi ofunda. Mbatata ya kachewere aidula tizidutswa tating'ono, pakuti zazikulu zimadya makala. Atsatiza matimati, mchere, kale ndi madzi a kapu imodzi, navundikira, ndipo chisanathe chigawo cha ola chakudya chapsa, repu wodulidwa ataponyedwa pamwamba kumapeto. Nzeru ya nyama yogaya ili apa, kuti pamene nthuli zinayi sizigawika kwa anthu asanu ndi mmodzi popanda wina kudandaula, yogaya imalowa paliponse, ndipo mwana wamng'ono alandira gawo lofanana ndi la atate ake.

Sindikunena kuti nsima ichotsedwe pampando wake; pa ukwati, pa maliro, pa Nc'wala ku Mtenguleni ndi pa Kulamba ku Mkaika, miphika idzakhala iwiri monga kale, ndipo n'koyenera kutero. Chimene ndikana ndi kunyoza mkazi wobwera kuntchito, kapena mnyamata wokhala yekha m'kachipinda ka lendi, kuti sadziwa kuphika chifukwa wadyetsa a m'nyumba mwake kuchokera m'poto mmodzi. Ndipo chimene chindidetsa nkhawa ndi chakuti futali, amene safuna mafuta ogula kapena nyama, akusowa m'nyumba za m'tauni, m'chigawo chimene chimatchuka m'Zambia yense ndi mtedza wa Chalimbana. Chotero ndikupemphani, inu amayi ndi abambo a m'midzi ya Mpezeni ndi ya Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Achewa, kuti pogulitsa mtedza kwa mavenda chaka chino musiyeko thumba limodzi m'nyumba, ndipo mbatata ya kholowa ikakumbidwa muitane ana anu, aamuna pamodzi ndi aakazi, aime pafupi ndi moto, aone nthawi imene nsinjiro imathiridwa.