Sarafina wa orijino ndi uti?

Mwana wa mlongo wanga amagwira ntchito ku Pretoria. M'chaka cha 2017, sewero la Sarafina! litabwerera pa nsanja ku State Theatre mumzindawo, iye adali m'gulu la anthu oyambirira kugula tikiti. Atangotuluka mu holo adandiimbira foni, phokoso la anthu likumvekabe kumbuyo kwake. Ndidamufunsa kuti zayenda bwanji.

"Amalume, ayesetsa," adatero, "koma si orijino."

Nditamufunsa kuti orijinoyo ndi uti, adaseka ngati ndamufunsa dzina la mayi ake. "Wa pa filimu uja, amalume. Wa Whoopi Goldberg."

Sindidalimbane naye usiku umenewo, poti mayunitsi adali ake. Koma mawu akewo ndidagona nawo, ndipo ndawamvanso kwa ena ambiri okonda zisudzo nthawi iliyonse sewero lakale likaonetsedwanso. Amene aonera tsiku loyamba ndiwo amafulumira kugamula, ndipo chigamulo chawo chimafika kwa ife otsala mawu ake ali okhota.

Liwu lakuti orijino ndilibe nalo chifukwa. Lidalowa m'Chichewa kudzera pa msika, monga momwe supuni, buku ndi sukulu zidalowera kale ndi njira zawo. Wogulitsa matchaja amakuuza kuti iyi ndi orijino, iyo ndi feki, ndipo mumamvana bwinobwino. Vuto limabwera tikalinyamula pa benchi la matchaja n'kupita nalo ku zisudzo, chifukwa kumeneko limasenza matanthauzo awiri amene Chichewa chidawapatula kalekale. Pali choyambirira, chomwe chidayamba kuoneka zinzake zisanabwere. Palinso chenicheni, chomwe si chachinyengo. Mwana woyamba kubadwa m'nyumba ndi chisamba, koma azing'ono ake si ana abodza. Munthu akati sewero si orijino, sitidziwa ngati akuti lidabwera pambuyo kapena akuti atibera ndalama pakhomo. Kawirikawiri mwini wakeyo sadziwanso.

Tsono mwana wa mlongo wanga adaphonya mbali zonse ziwiri. Sarafina! lidabadwira pa nsanja, osati pa kanema. Mbongeni Ngema adalemba seweroli, nyimbo zake adapeka mothandizana ndi Hugh Masekela, ndipo lidaonetsedwa koyamba ku Market Theatre mu Johannesburg m'chaka cha 1987. Nkhani yake ndi ya ana a sukulu ya Morris Isaacson ku Soweto, dera lomwe pa 16 Juni 1976 ophunzira adatuluka m'makalasi kukana kuphunzitsidwa m'chinenero cha Afrikaans, apolisi n'kuwathira zipolopolo. Mu Januwale 1988 seweroli lidafika ku Broadway mu New York, komwe lidaonetsedwa maulendo 597. Mtsikana amene adasewera ngati Sarafina, Leleti Khumalo, adali asanakwanitse zaka 20. Filimu ija idatuluka mu 1992, patapita zaka zisanu, motsogozedwa ndi Darrell Roodt. M'menemo ndimo mudalowa Whoopi Goldberg ngati mphunzitsi ndi Miriam Makeba ngati mayi wa Sarafina. Choncho amene adakhala pa mpando ku State Theatre mu 2017 adali pafupi ndi choyambirira kuposa amene adaonera tepi.

Ndikumvetsa komwe chisokonezo chidachokera. Ambiri a ife kuno kwathu tidakumana ndi Sarafina pa tepi ya vidiyo, m'tinyumba tamdima ta m'misika momwe tinkalipira pakhomo n'kukhala pa mabenchi, tisanakhale n'komwe ndi wailesi ya kanema yathuyathu, yomwe idadzayamba mu 1999. Chimene munthu udayamba kuona chimasanduka choyambirira mumtima mwako. Koma pamenepo Chichewa chili ndi kanenedwe koona: "amene ndidayamba kumuona ine", kapena "amene ndidamuzolowera". Ukatero wanena za iwe mwini, ndipo palibe angakutsutse. Ukati orijino wanena za mbiri ya sewero, ndipo wanama.

Pali chinthu china chimene ndidachimva m'mawu a mnyamatayo, ndipo ichi ndi chomwe chimandikondweretsa kwambiri, chifukwa Chichewa chimaulula zimene wolankhula sadafune kuulula. Mverani mgwirizano wa mawu. Sewero timati ili, labwera, lasintha. Munthu timati uyu, wabwera, wasintha. Dzina lakuti Sarafina ndi la sewero komanso la mtsikana wa m'seweromo, kotero wolankhula amayenera kusankha. Akati "Sarafina lasintha", ndiye kuti akunena za sewero lonse: nyimbo, magule, kayalidwe ka nkhani. Akati "Sarafina wasintha", maso ake ali pa mtsikana mmodzi. Mwana wa mlongo wanga adati "wa pa filimu uja". Sadati "la". Madandaulo ake onse, nditawasenda bwino tsiku lina, adali akuti amene adavala yunifolomu ija sadali Leleti Khumalo. Adali Noxolo Dlamini, mtsikana wa m'badwo wina. Za kavinidwe adalibe nako mlandu, za oimba adati adamugwira mtima. Chigamulo chonse chakuti "si orijino" chidatsamira pa nkhope imodzi.

Kulakalaka nkhope yomwe udaizolowera si tchimo. Ifenso kuno, amene tidaonerapo Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata asanamwalire mu 1999, timavutika kuona wina ataima pomwe iye ankaima. Koma tizinena chomwe chikutipweteka. Tikati "lasintha" pomwe tikutanthauza "wasintha", timanyoza anthu makumi angapo amene adatuluka thukuta pa nsanja chifukwa cha munthu mmodzi amene sakadatha kukhalabe mwana wa sukulu patapita zaka 30.

Nanga chochitika chenichenicho, chotenga sewero lakale n'kuliikanso pa nsanja ndi osewera atsopano, tichitche chiyani? Apa ndi pomwe olemba nkhani ndi owulutsa mawu amapunthwa. Achingelezi ali ndi liwu limodzi lomwe amaligwiritsa ntchito ku tchalitchi ndi ku zisudzo komwe, ndipo womasulira waulesi akalipeza amangotola chitsitsimutso. Ndiye mumamva kuti kuli "chitsitsimutso cha Sarafina". Mchewa akamva choncho amaona tenti, zimkuzamawu ndi mlaliki akuitanira anthu kutsogolo. Komanso chimene chimatsitsimuka ndi chomwe chidakomoka kapena kufota, ngati ndiwo zamasamba zomwe wogulitsa amaziwaza madzi dzuwa likaswa mtengo. Ena amapitirira apo n'kunena kuti aliukitsa. Kuukitsa n'kwa Lazaro. Sewero lomwe nyimbo zake ana amavinabe m'masukulu a ku South Africa mwezi wa Juni uliwonse silidalowepo m'manda.

Liwu lomwe limandivuta koposa ndi kubwereza, chifukwa limaoneka losalakwa. "Abwereza Sarafina." Kubwereza n'kuchita chomwecho mosasintha kanthu. Mwana akalephera mayeso amabwereza kalasi, mabuku ake omwewo. Wailesi imabwereza pulogalamu ya dzulo, mawu ake omwewo, ngakhale chifuwa cha muulutsi chimamvekanso pamalo pomwe chidamveka. Filimu mungathe kuibwereza, poti tepi siisintha maganizo. Koma sewero la pa nsanja, ngakhale mawu onse atakhala omwewo, silibwerezeka, ndipo Sarafina! ndi umboni wake.

Taganizirani. Chakumapeto kwa seweroli ana a sukulu aja amakonza kasewero kawo ka tsiku lomwe Nelson Mandela adzatuluke m'ndende, Sarafina n'kukhala Mandelayo. Mu 1987 Mandela adali mkaidi, chithunzi chake chili choletsedwa, ndipo padalibe amene ankadziwa ngati adzatuluke wamoyo. Oonera a nthawi imeneyo ankaona loto, ndipo ena mwa iwo ankadziwa kuti kunja kwa holo kuli apolisi enieni. Mandela adatuluka pa 11 Febuluwale 1990, adakhala mtsogoleri wa dziko mu 1994, adamwalira mu Disembala 2013. Pofika 2017 amene adadzaza mipando ambiri adali obadwa ufulu utabwera kale, ena mwa iwo atangochoka kumene m'zionetsero zokana kukwera kwa fizi m'mayunivesite. Kwa iwo gawo lomwelo lidali chikumbutso, mwinanso funso lakuti malonjezo aja adathera kuti. Mawu omwewo, mavinidwe ofanana, koma zimene zidachitika mu holomo zidali zina. Ukati abwereza, wauza munthu amene sadapiteko kuti asavutike, adaziona kale. Wamulanda tikiti ndi liwu limodzi.

Chodabwitsa n'chakuti yankho tili nalo m'kamwa tsiku lililonse. Ndi kamphatikira kakang'ono aka, -nso. Sewero labweranso. Akuliseweranso. Alikonzanso. Katatu konseko palibe chigamulo chobisika. Mvula ikabweranso sitinena kuti yabwereza ya chaka chatha, sitinenanso kuti yauka kwa akufa. Yangobweranso, ndipo ubwino wake tidzauona m'munda. "Alikonzanso" amapita patsogolo pang'ono, amatiuza kuti manja atsopano agwirapo, zomwe n'zoona pafupifupi nthawi zonse. Chenjezo langa n'lakuti kamphatikiraka muzikaika pamalo pake. "Akuonetsanso Sarafina" ndiye kuti laonetsedwa kachiwiri. "Akuonetsa Sarafinanso" ndiye kuti pali masewero ena, ili langowonjezerapo. Ndaonapo zikwangwani zitasokoneza ziwirizi.

Ena, pozolowera mafilimu a ku Nigeria, adafunsa ngati la mu 2017 lija lidali gawo lachiwiri. Ayi. Gawo lachiwiri ndi nkhani ina yopitiriza pomwe yoyamba idalekezera. Sarafina II lidaliko ndithu, cha m'ma 1995, sewero lophunzitsa za Edzi lomwe unduna wa zaumoyo wa dzikolo udalipira ndalama zoposa 14 miliyoni randi, anthu n'kuchita nazo phokoso lalikulu. Limenelo ndi lina.

Nditembenukire ku liwu loyamba lija la mwana wa mlongo wanga, "ayesetsa". Liwuli ndi laulemu pamaso, koma kumbuyo lili ndi mbola. Ndi limene aphunzitsi amauza kholo la mwana amene wakhala nambala yachiwiri kuchokera kumapeto. Mnzake wa liwuli ndi "zinali bho", lomwe limakwana pa nsima, pa mpira, pa maliro oyenda bwino ndi pa ulendo wa pa minibasi. Munthu wakhala maola awiri mu holo, waona ana akugwa ndi zipolopolo, wamva ng'oma ndi malipenga, ndiye atuluke ndi "bho"? Chichewa sichidasauke chotere. Tili ndi mawu anthetemya. Tili ndi kuvina modzithyola. Timati thupi lidachita tsemwe, holo yonse idangoti zii, amayi adaimba nthungululu, misozi idalengeza m'maso. Ngati sizidakome, tilinso ndi ponenera: ng'oma zidameza mawu a oimba, nkhani idakoka, wosewera uja amathamanga ndi mawu ngati akuthawa mvula. Wokuuza choncho wakupatsa chinthu chogwirika, ungathe kupita kukaona wekha ngati adanena zoona.

Ndipotu sewero la nyimbo si chinthu chachilendo choti tisowe nacho mawu. Agogo athu akamayala nthano madzulo, ife n'kumavomera kuti tili tonse, nkhani inkafika pena n'kusanduka nyimbo, tonse n'kuyankha, kenako n'kubwerera ku nkhani. Nthano yomweyo ikasimbidwa ndi azakhali chaka chinacho, palibe mwana ankati iyi ndi feki. Tinkati azakhali amaitha, kapena tinkati agogo ndiwo ankaikometsa. Tinkayerekeza osimba, nthano tinkaisiya pamalo pake.

Chinanso chimene oonera tsiku loyamba amaiwala n'chakuti sewero la pa nsanja limakula. Masiku oyamba osewera amakhala akuzolowerana, wa magetsi akuphonya, woimba akusunga mawu poopa kusasa. Amene waonera sabata yachitatu saona zomwe adaona wa tsiku loyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Choncho wa tsiku loyamba azinena kuti "usiku umene ndidaonera ine", asamalankhule ngati waona masiku onse.

Mbongeni Ngema adamwalira pa ngozi ya galimoto pa 27 Disembala 2023. Kuyambira pamenepo Sarafina! lililonse lomwe lidzakwere pa nsanja lidzakhala lokonzedwa ndi manja a ena, ndipo mkangano wa orijino udzabuka ulendo uliwonse. Inu a pa wailesi ndi a m'manyuzipepala, mukadzamva kuti matikiti ayamba kugulitsidwa, mudzalembe kuti sewero la Sarafina labweranso. Wina akadzakufunsani kuti loyambirira ndi liti, mudzamuuze kuti ndi la ku Market Theatre, la 1987, ndipo Whoopi Goldberg mudalibemo.