Nzeru: Zobadwa Nazo Kapena Zophunzira

Nzeru za munthu zimachokera ku chibadwa komanso ku mmene waleredwera. Mu 1869, Francis Galton wa ku England analemba kuti luntha limayenda m'magazi, ataona kuti anthu otchuka amachuluka m'mabanja amodzimodzi. Sanaganizire mokwanira kuti mabanja omwewo ndi amene anali ndi chuma ndi sukulu zabwino. Alfred Binet, amene anakonza mayeso a nzeru ku France mu 1905 pamodzi ndi Théodore Simon, ankakhulupirira kuti mwana wotsalira m'kalasi akhoza kupita patsogolo akathandizidwa.

Kafukufuku wa mapasa ofanana oleredwa m'makomo osiyana amasonyeza kuti chibadwa chili ndi mphamvu ndithu. Komabe James Flynn anapeza kuti zotsatira za mayeso a nzeru otchedwa IQ zinkakwera ndi mapointi pafupifupi 3 pa zaka 10 zilizonse m'mayiko ambiri, kusintha kofulumira kwambiri moti sikungakhale kochokera m'magazi. Kusowa ayodini m'zakudya nakonso kumabweza ubongo wa mwana m'mbuyo.

Mayeso otere sayeza luso lililonse. Ku Katete ku Zambia, Robert Serpell anapeza kuti akuluakulu a mtundu wa Achewa poweruza mwana sankangoona kuchenjera kwake, ankaonanso ngati ndi wodalirika akatumidwa.