Mkuwa wa Allende

Salvador Allende atapambana chisankho cha ku Chile mu September 1970, mavoti ake anangopitirira pang'ono 36 pa 100 alionse, ndipo nyumba ya malamulo inali m'manja mwa zipani zotsutsa. Komabe pa 11 July 1971 aphungu onse, ndi adani ake omwe, anavomereza kuti migodi ikuluikulu ya mkuwa, imene makampani a ku America a Anaconda ndi Kennecott ankadyerera, ikhale ya boma. Kwa anzathu a ku Zambia nkhaniyi si yachilendo: mu 1969 a Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 a migodi, ndipo maiko awiriwa anali limodzi m'bungwe la ogulitsa mkuwa la CIPEC, lomwe linabadwira ku Lusaka mu 1967.

Ku Chile mgodi unasintha mwini, koma mtengo wa mkuwa unkagamulidwabe ku London, ndipo unali kutsika. Masipeya ambiri a makina ankachokera ku America, kumene boma la Nixon linatseka njira za ngongole. Mu 1972 Kennecott inakasuma ku makhothi a ku Ulaya kuti mkuwa wa Chile ugwidwe padoko.

Ena amathera pamenepa, koma ine sindikhutira. Boma la Allende linakweza malipiro, n'kuletsa kukweza mitengo, n'kumasindikiza ndalama zolipirira zonsezi. Chaka choyamba zinakoma: ntchito zinachuluka, mwana aliyense ankalandira theka la lita ya mkaka patsiku (ndondomeko imeneyi sindiipezera chifukwa). Chaka chachiwiri katundu anasowa m'masitolo n'kumapezeka kuseri pa mtengo wowawa, amayi akukhalira pamizere. Mu October 1972 eni malole anachita sitalaka. M'dziko lalitali ngati nsungwi, lodalira msewu, chakudya chinangoima pamene chinali. Pofika 1973 mitengo inkakwera kupitirira 500 pa 100 pachaka.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti pa chisankho cha aphungu cha mu March 1973, njala ya katundu ili pachimake, mgwirizano wa Allende unapeza mavoti oposa 43 pa 100, kuposa a 1970 aja. Otsutsa analephera kupeza aphungu okwanira kumuchotsa mwalamulo. Pa 11 September asilikali anaphulitsa mabomba pa nyumba ya boma ya La Moneda, ndipo Allende anafera momwemo.

Augusto Pinochet anagulitsa makampani ambiri a boma, nalipira Anaconda ndi Kennecott chipukuta misozi. Migodiyo sanaibweze: mu 1976 anaiika pansi pa kampani ya boma ya Codelco.